Mamega atha, kanema tisanamuone

Ife a kuno ku Amaramba tatopa nako kampira kozungulira pa foni. Mwana ali ku Joni watumiza kanema wa mdzukulu pa WhatsApp, iwe wadina, kampira kayamba ulendo wake. Upite kunyanja ukavuule ukonde, ubwerere, udye nsima, kakuzungulirabe. Ukati uyesenso, kauthenga kakulowa: mamega anu atha. Atha bwanji, mdzukuluyo ngakhale chipumi tisanachione?

Sitikukana, zinthu zidasintha. Movitel itayamba ntchito m'Mozambique mu 2012, nsanja zidamera m'midzi momwe kale munthu ankakwera pachulu kuti amve "halo". Lero ogula nsomba a ku Cuamba amatilipira pa e-Mola kapena M-Pesa, ndipo uthenga wa maliro sudikiranso njinga. Koma mawu ndi katundu wopepuka. Kanema ngolemera, amafuna netiweki yamphamvu, ndipo kuno ukangotalikira nsanja pang'ono, 4G imathawa n'kusiya kachilembo ka E pamwamba pa foni. Nsanja ndi imodzi, tonse timagawana. Madzulo, asodzi atakocheza, ana asukulu ataweruka, aliyense wagwira Itel kapena Tecno yake, palibe chimayenda. Netiweki imadzathamanga pakati pa usiku, mwini foni ali mtulo, foninso ili zii chifukwa kasola sikadadye dzuwa lokwanira.

Chimatiwawa kwambiri ndi ichi: metikali yathu ndi yomweyo ya munthu wa ku Maputo. Bandulo timagula pamtengo umodzi, masiku ake othera ndi amodzi. Iye amaonera zake zonse ali khale pampando, ife tsiku limakwana theka la mamega tisanaligwire, ndipo amapita osatsanzika. Ndani adaonapo wogulitsa mchere akubwera kudzalanda wotsala m'chitini ati sabata yatha?

Mu May 2024 bungwe loyang'anira za mafoni la INCM litasintha mitengo, mabandulo opanda malire n'kuchotsedwa, achinyamata a ku Maputo adaguba mumsewu, ndipo patangopita milungu yochepa mitengoyo idaimitsidwa. Zabwino, tidawathokoza. Koma kuno tidaseka chamumtima, poti malire athu sadalembedwe pa bandulo, ali pa nsanja. Chaka chomwecho, zisankho za pa 9 October zitabala zipolowe, intaneti ya m'mafoni idatsekedwatsekedwa m'dziko muno, dziko lonse n'kulira. Agogo ena padooko adangofunsa kuti, "Kodi atseka liti, ana inu? Ine sindikuona kusintha."

Abale athu a cha ku Chiuta ndi Entre Lagos ali ndi yawoyawo. Mphepo ya mafoni sidziwa malire a dziko, choncho foni imatha kugwira nsanja ya ku Malawi mwini wake ali pakhonde pake. Ambiri amangosunga masimu awiri, ina ya kuno, ina ya TNM kapena Airtel, n'kumasinthasintha ndi kaphini kapena munga. Pamenepo pafunika makwacha a mayunitsi kwina, mametikali kwina. Sitima za malasha zochokera ku Moatize zimadutsa pomwepo, mabogi osawerengeka, mpaka kukafika ku Nacala osakakamira panjira. Kanema wa mphindi ziwiri yekha ndiye walephera kufika kunyanja.

Ndiye tidapeza njira yathu. Pamsika pali mnyamata wa laputopu yong'ambika pakona, kiyibodi yomata ndi selotepi. Iyeyo akapita ku Cuamba kapena ku Insaca amabwera atadzaza: nyimbo za kwaya, maulaliki a mashehe ndi abusa, mafilimu a karate omasuliridwa m'Chichewa ndi anyamata a ku Malawi. Umampatsa kamemore, ndalama pang'ono, akuthirira. Kuchoka apo, pansi pa mango, foni ndi foni zikupatsirana pa Bluetooth ndi Xender mpaka mudzi wonse waonera. Nkhani imatipeza itagona masiku, nthabwala ya pa TikTok anzathu ataiseka kale n'kuiwala, koma imafika.

Mpira ndiye kuvidiyo sho, mbale ya setilaiti padenga, jenereta kuseri, chitseko cha chiguduli. Timu ya dziko lathu ya Mambas ikangoyandikira golo, mtambo wa mvula wafika, chithunzi chaphwanyika timabokosi, kapena petulo watha. Ndalama yolowera sabweza. Mwini sho amangoti, "Achimwene, mvula ndi ya Mulungu, kafunseni kumeneko."

Tikumva kuti Starlink idalowa m'dziko muno mu 2023, ya kumwamba, yosadalira nsanja. Titafunsa mtengo wa kambale kake, ndi zolipira mwezi ndi mwezi, tidayamba kuwerengera matumba a mpunga ndi madengu a makumba, kenaka wina adasintha nkhani. Sitikupempha zaulere ayi. Onjezerani nsanja m'mbali mwa nyanjayi, zomwe zilipo muzipatse mphamvu, ndipo mamega amene tagula muwasiye mpaka tiwamalize tokha.