Mai wa khanda losakwana masiku si mlendo m'cipatala

MWANA akabadwa masiku ake asanakwane, cimene cakhala cikucitika m'zipatala zambiri n'codziwika. Anamwino amamnyamula msanga kupita naye ku cipinda ca makanda, namgoneka m'bokosi la galasi lofunditsa ndi magetsi. Mai wake amatsala ku wodi ina, nayembekeza kuitanidwa pa nthawi yopereka mkaka cabe. Bambo ndi agogo amathera pa khonde, kusuzumira pa zenera. Onse amacita izi ndi mtima wabwino, poganiza kuti kamwana kotere n'ka adokotala okha. Koma mwambo umenewu wafika poti usinthe, ndipo kusintha kwake kufunika ku cipatala ndi ku mudzi komwe.

Khanda losakwana masiku ndi lija lobadwa mimba isanafike masabata 37. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linawerenga kuti m'caka ca 2020 ana otere anabadwa okwana 13.4 miliyoni, ndiko kuti mmodzi pa ana 10 alionse. Mdani wao woyamba ndi kuzizira. Khungu lao n'lopyapyala, mafuta m'thupi alibe, cotero kutentha kumawathawa ngati madzi m'dengu. Mwana wozizidwa amaleka kuyamwa, amafooka, ndipo matenda amampeza mosabvuta.

Mankhwala a bvuto limeneli anapezeka kwa anthu osauka. M'caka ca 1978, pa cipatala ca amai mumzinda wa Bogotá ku Colombia, mabokosi anacepa kotero kuti makanda anali kugonekedwa angapo m'bokosi limodzi, napatsirana matenda. Dr Edgar Rey anayamba kuuza amai kuti aike ana ao pa cifuwa, khungu kukhudza khungu, usana ndi usiku. Njirayi inachedwa ya kangaroo, potengera nyama ya ku Australia imene imalera mwana wake m'thumba la pamimba. Mwana amabvala thewera, kacipewa ndi masokosi basi. Amamuimika pakati pa mawere, mutu utapenya kumbali, nammanga ndi citenje. Thupi la mai limamfunditsa pa muyeso woyenera, mkaka uli pafupi, ndipo mai ndiye amayamba kuzindikira mwana akasintha kapumidwe. Amene akumbukira mdima wa 2024, pamene madzi anacepa ku Kariba ndipo magetsi anali kuzima maola ambiri pa tsiku, adzabvomereza kuti cofunditsa cosadalira nthambo si cinthu copeputsa.

Kwa zaka zambiri lamulo linali lakuti mwana ayambe walimba m'bokosi, kenaka apatsidwe kwa mai wake. Koma ana ambiri amafa m'masiku oyamba omwewo, asanafike pa cifuwa. Cifukwa ca ici kunacitika kafukufuku wamkulu m'zipatala za ku Ghana, India, Malawi, Nigeria ndi Tanzania, ndipo zotsatira zake zinafalitsidwa mu 2021. Makanda oposa 3,000, olemera kuyambira kilogalamu 1 kufika 1.8, anagawidwa pawiri. Ena anatsata lamulo lakale. Ena anaikidwa pa cifuwa atangobadwa, amai ao atapatsidwa mabedi m'cipinda ca makanda odwala momwemo, ndipo anakhala pa cifuwa maola pafupi-fupi 17 pa tsiku. Pa masiku 28 oyamba, m'gulu lakale munafa ana pafupi-fupi 16 pa 100 alionse, pamene m'gulu la pa cifuwa munafa 12. Mu November 2022 bungwe la WHO linasintha malangizo ake: mwana aikidwe pa cifuwa nthawi yomweyo, kwa maola 8 kufika 24 pa tsiku, pokhapo ngati akulephera kupuma yekha kapena wadwala kwa kayakaya, ndipo banja litengeko mbali pomsamala m'cipatala.

Anamwino ena amakana, ndipo zifukwa zao si zacabe. Amati cipinda n'copanikiza, anthu ocokera kunja amabweretsa tizilombo, ndipo namwino mmodzi sangayang'anire makanda ambiri pamodzi ndi makolo ao. Za malo n'zoona, ndipo akulu a zaumoyo ayenera kuziganizira pomanga ndi pokonza zipatala: bedi la mai, cakudya cake, madzi ndi sopo zikhale mbali ya cipinda ca makanda. Koma za tizilombo, kafukufuku uja anaonetsa zosiyana: ana a pa cifuwa ndiwo anacepa kuganiziridwa matenda a m'magazi. Mai wophunzitsidwa kusamba m'manja, kufinya mkaka ndi kumwetsa ndi kakapu maola awiri kapena atatu alionse, amapeputsa nchito ya namwino amene manja ake ndi awiri cabe.

Mfundo yobvuta kweni-kweni iri ku mudzi. Palibe mzimai angathe kukhala ndi mwana pa cifuwa maola 20 tsiku ndi tsiku popanda womlandira. Ayenera kusamba, kudya ndi kugona. Wina ali ndi bala la opaleshoni. Wina wabala mapasa. Cifuwa ca bambo cimafunditsa cimodzimodzi, ca agogo ndi ca azakhali comweconso. Apa ndi pamene pamabuka mwambo. Pakati pa Acewa ndi anansi ao, mai ndi khanda amakhala m'cikuta kufikira mcombo utagwa, ndipo mwamuna sayandikira. Akulu amati khanda n'lozizira, ndipo wotentha akalikhudza lidzatsempheka. Mwambowu suyenera kunyozedwa, pakuti colinga cake n'kuchinjiriza mwana ku manja a anthu ambiri, cimenenso cipatala cifuna. Koma unaikidwa poganizira mwana wa masiku okwana, amene pakutha kwa sabata watuluka panja. Khanda la kilogalamu imodzi ndi theka lingakhale m'cipatala mwezi wathunthu. Anamkungwi ndi eni mbumba, amene adziwa kumanga mwambo, adziwanso kuumasula. Akhale pansi agwirizane kuti bambo wodzisunga aloledwe kufungatira mwana wake. Kumene sangabvomereze, asankhe msanga gogo kapena mlongo woti apite ku cipatala, m'malo motaya masiku pokangana.

Palinso za munda. Tsiku lokumbukira ana obadwa masiku osakwana, m'mwezi wa November, limagwa pa nthawi imene alimi a ku Chipata, Katete ndi Petauke ali kalikiliki kubzala cimanga ndi nshawa. Mai amene ali m'wodi amamva mvula pa malata, mtima nukhala ku munda ndi kwa ana otsala kunyumba. Ena amapempha kutuluka nthawi isanakwane, osati cifukwa ca kusakonda mwana ai, koma poopa njala ya caka camawa. Anyakwawa ndi magulu a uchembere wabwino a SMAG angathe kuthetsa nkhawayi mwa kumema anthu kuti alime munda wa banjalo, monga amacitira pa maliro. N'codabwitsa kuti mudzi umene umasonkha ufa ndi nkhuni mwana akafa umangoyang'ana pamene iye akali kulimbana ndi moyo.

Akatuluka m'cipatala, nchito siinathe. Mwana apitirize kukhala kutsogolo ngakhale ena aseke kuti mwana saberekedwa pa cifuwa, kufikira atalemera makilogalamu 2.5 kapena atayamba kuphiriphitha ndi kukana yekha citenje. Asafunditsidwe ndi mbaula kapena botolo la madzi otentha, cifukwa utsi umamtsamwitsa ndipo khungu lake limapsa msanga. Asapatsidwe madzi, phala kapena mankhwala a zitsamba, koma mkaka wa m'mawere wokha. Apite ku sikelo pa masiku onse amene anamwino alemba pa khadi. Akaleka kuyamwa, akazizira mapazi ndi mimba yomwe, akacita cikasu, akagwidwa ndi linjirinjiri kapena kupuma modukiza, abwerere naye ku cipatala tsiku lomwelo, ali pa cifuwa njira yonse, ngakhale ulendo wake ndi wa pa njinga kapena pa ngolo.