DZENJE LA KU MWABULAMBO LISAFIKE KU DOWA NDI NTCHISI

Achinyamata anzanga, werengani mpaka kumapeto, kenako mutumize m'magulu onse.

Ku Mwabulambo ku Karonga kampani ya Eland inkakumba malasha. Mu 2015 inalongedza katundu, ulendo, maenje osakwirira. Madzi anadzazamo. Human Rights Watch inalemba zimenezi mu lipoti lake la 2016. Malasha anapita, eni mudzi anatsala ndi maenje.

Mwina mukuti, "Aise, kuno kulibe malasha." Zoona. Koma ku Kasiya, pakhomo pomwepa, akukonzekera kukumba rutile ndi graphite, ndipo graphite aliponso ku Katengeza konkuno ku Dowa. Mgodi wapamtunda umayamba ndi kusenda dothi lapamwamba, lomwe limatipatsa chimanga, soya ndi mtedza. Ine digiri yanga inalipiridwa ndi soya wa mayi anga. Lero ndili ndi zaka 24, ntchito njee, ndipo munda womwewo ndi umene ukundidyetsabe.

Kukonza malo si ufiti. Dothi lapamwamba umaliunjika padera, osasakaniza ndi miyala. Ukamaliza chigawo chimodzi umakwirira pomwepo, makina akadalipo, n'kubwezera dothi, n'kubzala udzu ndi mitengo mvula isanakokolole. Ukadikira kuti mgodi utseke, mulu wa dothi uja umaguga, makina achoka, kampani n'kumati ndalama zatha. M'mapiri athu ano, dzenje lotero limasanduka chigwembe, matope n'kukakwirira madimba kumunsi.

Malamulo tili nawo: la zachilengedwe la 2017, la migodi la 2023. MEPA iliponso. Chosowa ndi kuwatsata.

Tikufuna izi:
1. Ndalama zokonzera malo ziikidwe padera ntchito isanayambe, kampani isazikhudze.
2. Kukwirira kuziyendera limodzi ndi kukumba, anthu a m'mudzi azikaona okha.
3. Lipoti la ESIA liwerengedwe m'Chichewa pabwalo la mfumu.
4. Ntchito ya nazale, kubzala ndi kuyeza dothi ipatsidwe kwa achinyamata a konkuno.

A gogo chalo, ndi ulemu wonse, musasaine pepala lomwe anthu anu sanalimve.

Anzanga, migodi sitikuikana ayi. Koma pitani ku misonkhano ya VDC ndi ADC mukafunse: adzakwirira ndani, liti, ndi ndalama ziti? Akapanda kuyankha, khasu lisagwe pansi.