Mlandu si ukalamba wa minibasi

Minibasi ikangochita ngozi, nyimbo imakhala yomweyomweyo pa wailesi ndi pa misonkhano: ziphapha zonse zichoke pamsewu! Oimba nyimboyi amafika pamaliro atakwera galimoto zonyezimira zogulidwa ndi misonkho yathu. Ife tikuti ayambe aima kaye, pakuti mlandu si ukalamba wa galimoto ayi.

Tiyeni tione kumene minibasizi zimachokera. Ku Japan lamulo limati galimoto ya munthu wamba ikayezedwe ikatha zaka 3, kenaka zaka 2 zilizonse, ndipo kuyezetsako kumadya ndalama zambiri. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene eni ake amazigulitsira zikadali ndi mphamvu. Zimabwera pa sitima ya pamadzi mpaka ku Dar es Salaam kapena ku Durban, n'kulowa kwathu kuno kudzera pa Songwe kapena pa Mwanza.

Chodabwitsa n'chakuti zimene ife timazinyoza, anzathu kunja akuzilimbirana. Ku America galimoto ikakwanitsa zaka 25 imaloledwa kulowa m'dzikomo mosavuta, ndipo okonda galimoto amaitanitsa Toyota Hiace ndi Mitsubishi Delica za m'ma 1990 kuchokera ku Japan komweko. Volkswagen Kombi, imene abale athu obwerera kuchokera ku Harare ndi ku Johannesburg akuidziwa bwino, inaleka kupangidwa ku Brazil mu 2013, koma yosamalika bwino lero ndi chuma. Kusiyana kwake n'kwakuti kwa iwo ndi chosangalatsa cha Loweruka, pamene kwa ife ndi nsima ya ana.

Inu amene munabwerera kumudzi itatha riferendamu ya pa 14 June 1993, kumbukirani mizere ya anthu odikira basi pa Wenela. UTM inasanduka Stagecoach, Stagecoach inasanduka Shire Bus Lines, nayo Shire inatha. Kodi chimene chakhala chikunyamula anthu a ku Bangwe, Kawale ndi Chibavi kupita ku ntchito, ku msika ndi ku chipatala zaka zonsezi n'chiyani? Ndi Hiace yakale yomweyi.

Amene waisunga yamoyo si nduna. Ndi makaniko wa ku Biwi ndi wa ku Ndirande, amene amangomva kulira kwa injini n'kudziwa pali vuto, amene amachotsa giyabokosi ku galimoto yakufa n'kudzutsira ina. Ambiri mwa iwo ntchitoyi anaiphunzira pansi pa mtengo, ndipo alibe pepala lililonse loonetsa luso lawo.

Nanga chikutipha n'chiyani? Matayala osalala ngati mphika. Mabuleki omangirira ndi waya. Anthu anayi pa mpando wa atatu, matumba a chimanga pamwamba pa miyendo. Dalaivala wotopa amene akuthamanga kuti akwanitse ndalama ya tsiku ya abwana. Koma choopsa kwambiri ndi chiphaso cha COF chotuluka galimoto isanaonedwe, chifukwa wina wapatsidwa ya fanta. Galimoto ya zaka 5 yopanda mabuleki imapha chimodzimodzi ndi ya zaka 30. Utoto watsopano usatinamize, chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere.

Sitikukana kuti zilipo zina zimene dzimbiri ladya mpaka pansi, ndi zofuka utsi ngati ng'anjo ya njerwa. Zimenezo zichokedi. Koma zichotsedwe chifukwa zalephera mayeso oona, osati chifukwa cha chaka chimene zinapangidwa.

Tsono tikupempha zinthu zitatu. Oyeza galimoto aziyeza moona, ndipo wogulitsa chiphaso aimbidwe mlandu ngati wakupha. Boma litsitse msonkho pa matayala atsopano ndi zipangizo za mabuleki, kuti eni minibasi aleke kugula matayala a kaunjika. Bungwe la TEVETA, lomwe linakhazikitsidwa mu 1999, lifike m'magalaja a m'makwalala, liyese amakaniko ndi kuwapatsa mapepala.

Nafenso okwera tili ndi mbali yathu. Mu 1993 tinakana kukhala chete pamaso pa boma lamphamvu. Nanga bwanji lero tikuopa kondakitala? Mukaona tayala latha, tsikani. Akakuuzani kuti sunthani alowe wachinayi, kanani. Wakutsina khutu ndi mnansi.