Si chidindo chilichonse chimaoloka malire

Ana anga, sabata ino tisiye kaye za phala la mwana ndi katemera, tikambe za mapepala. Mayi wina wa ku Area 47 wandilembera kuti amuna ake, omwe akugwira ntchito ku Tete, akufuna kugula nyumba kumeneko m'dzina la onse awiri. Mayiyu adalemba kalata yovomereza, nakaidinditsa ku Old Town, koma itafika uko adaikana. Ndalama ya basi idangolowa m'madzi. Tsono akufunsa: "Anamwino, kodi chidindo si chidindo basi?"

Ayi mayi. Kuno kwathu tidatengera malamulo a Angerezi. Pali commissioner for oaths, amene mumalumbira pamaso pake pa nkhani za m'dziko momwe muno. Ndiye pali notary public, loya wokhala ndi chilolezo chapadera chotsimikizira mapepala opita kunja. Si loya aliyense ali nacho, choncho funsani musanalipire.

Anzathu a ku Mozambique adatengera kwa Apwitikizi, ndipo kumeneko munthu ameneyu, yemwe amati notário, ndi wamkulu zedi. Sangodinda ayi. Amalemba yekha panganolo, amaliwerenga pamaso pa onse, amaonetsetsa kuti wosainayo akumvetsa ndipo sakukakamizidwa, kenako amalisunga m'kaundula wake. Saimira mbali imodzi ngati loya kukhoti. Ndi momwenso zilili ku France, Germany ndi Brazil. Bungwe lawo la padziko lonse lidayamba ku Buenos Aires mu 1948 ndi maiko 19, lero alimo pafupifupi 90, ndi China yemwe.

Ine njira imeneyi imandisangalatsa. Zaka zonse ndidagwira m'mawodi ndidaona amayi akusainitsidwa mapepala ndi abale a mwamuna, thupi lisanatuluke n'komwe m'mochale. Pakadakhala munthu wosakondera wofunsa kuti "mayi, mwamva zomwe mukusainazi?" ana ambiri sakadagona panja.

Tsono chitani izi. Musanawononge ndalama, funsani ku ofesi ya kazembe wa dziko komwe pepalalo likupita kuti akufuna chiyani, ndiponso ngati liyenera kumasuliridwa m'chilankhulo chawo. Maiko ena, monga South Africa ndi Britain, amalandira chitsimikizo chotchedwa apostille, malinga ndi pangano la ku Hague la 1961 lomwe Malawi adalowamo mu 1967. Kumene kulibe panganoli, pepala limadzera ku unduna woona za ubale ndi maiko akunja ku Capital Hill, kenako kwa kazembe.

Pitani nokha, pasipoti m'manja, ndipo musasainiretu kunyumba. Mukasaine pamaso pake. Adobadoba okulonjezani chidindo chachangu asiyeni. Onaninso maina. Ngati pa setifiketi ya ukwati pali dzina la amuna anu koma pa pasipoti pali la bambo anu, mumuuziretu loyayo tsiku lomwelo.