Mukuti aliyense angacite? Tengani mikisa tione

Kavidiyo kaja kabwelanso pa WhatsApp: mwamuna wa ku Japan, atavala covala coteteza ku moto, akuliza piyano imene ikuyaka m'mbali mwa nyanja. Pansi pake padzaza tunkhope toseka. Wina analemba kuti munthu akakhuta amapenga. Wina anati nyimbo zotele ni congo cabe, ngakhale mwana wa zaka zitatu angacite. Woyamba uja namukhululukila. Waciwiliyu ayi.

Mwamunayo ni Yosuke Yamashita. Piyano anaiocha mu 2008, kubweleza zimene anacita mu 1973, ndipo pa zonse zimene anacita m'moyo wake ici n'cocepa. Mu 1969 gulu lake la anthu atatu linaliza jazi yopanda nyimbo yolembedwa mkati mwa yunivesite ya Waseda ku Tokyo, ophunzila atatsekeleza makomo polimbana ndi akuluakulu. Panali patapita zaka zitatu cabe John Coltrane atalizako ku Japan. Acinyamata kumeneko anamva kuti saksofoni ingalile monga munthu, ndipo anafuna kulila m'mau awoawo.

Manje za mwana wa zaka zitatu. Masayuki Takayanagi anabadwa mu 1932 ndipo anadya za gitala zaka zoposa khumi ndi zisanu, kuliza jazi yaulemu, yoyenda bwinobwino, asanayambe gulu la New Direction mu 1969. Anadziwa lamulo lililonse limene anaphwanya. Mu 1970 analiza ndi Kaoru Abe, mnyamata wa saksofoni amene anamwalila mu 1978 ali ndi zaka 29. Mvetselani Abe akuliza yekha. Palibe ng'oma, palibe besi yomubisa. Akuwa, aleka, mumva mpweya wake, cete atalika mpaka mumangika m'mimba, ndiyeno abwela ndi liwilo limene zala za munthu wamba sizingakwanitse. Mwana angakuwe, inde. Koma sadziwa polekela, ndipo sabwelela ku kamau kamene anakasiya kumbuyo mphindi zinai zapitazo.

Amene amandikhutilitsa kwambili ni Toshimaru Nakamura, cifukwa cida cake mucidziwa nonse. Ku chalichi, ku malilo, ku kicheni pati, mikisa ikalila "tswiii" anthu amatseka makutu ndipo wa mawaya amathamanga ndi manyazi. Nakamura amatenga waya wotulutsa mau n'kuubweza m'mikisa momwemo, popanda gitala kapena maikolofoni. Kulila komwe ife timathawa, iye amakuweta ndi tumabatani: apotoza pang'ono, kusanduka kugunda, apotozanso, kukhala ngati nyenje usiku. Akapitilila pang'ono cabe, zonse zimamuthawa. Iye ndi anzake, monga Sachiko M ndi Otomo Yoshihide, anali kuliza ku Off Site, kanyumba kang'ono ku Yoyogi kumene maneba anali pafupi kwambili, cakuti anafunika kuliza motsitsa. Nyimbo zimene mukuzicha congo, zina mwa izo simungazimve ngati mnzanu akutafuna cimanga pambali panu.

Sinikamba kuti zonse n'zabwino. Mu 1985 Yamantaka Eye wa gulu la Hanatarash analowetsa cimakina cokumba nthaka m'nyumba yoimbilamo ku Tokyo n'kugumula cipupa. Izo n'zacibwana, ndipo akanapha munthu. Merzbow naye, amene dzina lake leni-leni ni Masami Akita, anatulutsa bokosi la ma CD 50 mu 2000, ndipo ngati wina akuuzani kuti onse 50 ni golide, akunama. Koma mbili ya cimakina ndi kavidiyo ka moto n'zimene zimayenda pa mafoni cifukwa sizifuna makutu. Kuseka kumatenga masekondi khumi. Abe afuna mphindi makumi awili mutakhala pansi.

Ndipo musanene kuti anathawila ku congo cifukwa nyimbo zinawakanga. Otomo yemweyo ndiye anapanga kanyimbo koyambila sewelo la Amachan pa NHK mu 2013, kokondweletsa, kamene ana ndi agogo m'dziko lonse anali kung'ung'udza. Toshiji Mikawa wa Incapacitants anali kugwila nchito ku banki, akaweluka n'kupita kukagwedeza zipupa ndi mau.

Cimene cimandipweteka n'cakuti ambili amene aseka ni anzathu omwe ali ndi tumasitudiyo m'makomboni, amene amakopela biti imodzi pa intaneti, kusinthako dzina, n'kuicha yatsopano. Kagetsi kofiila kakangoyaka pa mikisa, mtima uli phaa. Sanayesepo kufunsa kuti kuseli kwa kagetsiko kuli ciani.

Iwe wa mwana wa zaka zitatu, mikisa uli nayo, ndinaiona. Tsitsa voliyumu coyamba, masipika angapse. Bweza waya, ujambule mphindi khumi zimene munthu angamvetsele mpaka kumapeto, utitumizile pa gulu pomwe paja.