Maso a goloboyi pa penate

Penate ikaperekedwa, ine ndimasiya kuyang'ana mpira, maso anga amapita kwa goloboyi. Mpira umachokera pa mamita 11, ndipo ukamenyedwa mwamphamvu umafika pagolo theka la sekondi lisanathe. Wodikira kuti auone kaye ukubwera ndiye kuti wachedwa kale. M'chaka cha 2002, Geert Savelsbergh ndi anzake anaveka magoloboyi kachipangizo kotsata maso n'kuwaonetsa mapenate pa kanema. Ongoyamba kumene maso awo ankangoti mwazumwazu, apa pachifuwa, apo pamikono, apo m'chiuno mwa womenya. Akatswiri ankayang'ana malo ochepa koma mokhazikika, makamaka miyendo yonse iwiri ndi mpira pamene phazi likuyandikira, ndipo ankadikirako pang'ono asanasankhe mbali. Mwendo wopondera pansi uja ndiwo umandichititsa chidwi kwambiri. Womenya akhoza kukupusitsa ndi maso kapena mapewa, koma phazi limene waponda nalo pambali pa mpira kawirikawiri limaloza kumene mpirawo ukulowera. N'chifukwa chake zimandiwawa kumva mphunzitsi akukalipira kamnyamata kuti "udzigwetse msanga iwe!" chonsecho sanakauze n'komwe poti kaziyang'ana.