Nyali ya M'nazale Iyake pa Nthawi Yake

Chiyambire mwezi wa Febuluwale 2020, pamene Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo lolola kulima chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale, anthu akhala akukambirana za mitengo ya pamsika ndiponso za ziphaso, koma ndi ochepa amene afunsa funso lomwe mbewuyi imayamba nalo: kodi mbande zili m'nazale zifuna maola angati a kuwala pa tsiku? Ife tikuti maola 18 ngokwanira, ndipo chofunika koposa ndi kusunga maolawo mosadumphitsa tsiku.

Tiyambe ndi kukumbutsa owerenga athu kuti lamuloli silinatsegule khomo kwa aliyense. Kusuta chamba ndi mlandu mpaka lero, ndipo kulima popanda chiphaso cha bungwe la Cannabis Regulatory Authority ndi mlandu womwe apolisi amamanga nawo munthu. Pamene mitengo ya ziphaso inalengezedwa mu 2020, chiphaso cha chamba cha mankhwala chinali madola 10,000 a ku Amereka, ndipo cha m'mafakitale chinali madola 2,000. Mau athu akupita kwa alimi ndi magulu a alimi amene atsata njira ya lamulo, makamaka a m'chigwa cha Bwanje, ku Mua, Golomoti ndi Mtakataka, komwe anthu anazolowera kale kulima mogwirizana pa sikimu ya mpunga ya mahekitala 800 yothiriridwa ndi madzi a mtsinje wa Namikokwe. Gulu limene lasonkha ndalama zochuluka chotere siliyenera kuziononga chifukwa chosadziwa nthawi yoyatsira nyali.

Chinsinsi cha nkhaniyi chinadziwika kudzera mu fodya. M'chaka cha 1920 akatswiri awiri a ku Amereka, Garner ndi Allard, anafalitsa zomwe anapeza pa fodya wotchedwa Maryland Mammoth, yemwe ankangokula osachita maluwa kufikira masiku atafupika. Pambuyo pake zinadziwika kuti mbewu zoterezi zimawerenga kutalika kwa mdima wosadukiza. Chamba chili m'gulu lomweli. Usiku ukakhala waufupi chimakula thunthu, nthambi ndi masamba. Usiku ukayandikira maola 12 chimaleka kukula n'kuyamba maluwa. Mlimi aliyense wa fodya adziwa tanthauzo lake, pakuti amadula nsonga kuti mphamvu isathere m'maluwa.

Apa ndiye pagona vuto lathu. M'chigwa cha Bwanje tsiku lalitali kwambiri, mu Disembala, limangoyandikira maola 13, ndipo lalifupi, mu Juni, limangopitirira pang'ono maola 11. Ku France, komwe amalima chamba cha m'mafakitale chochuluka, masiku a m'nyengo yolima amafika maola 16. Mbewu yochokera ku maiko otere ikamera pansi pa dzuwa lathu imaona ngati nyengo yatha, choncho imathamangira maluwa ikadali yaifupi, ndipo zokolola zimachepa. Nthaka ingakhale yabwino, madzi angakhalepo, feteleza angathiridwe, koma zonsezi sizingabweze mbewu imene yanyengedwa ndi mdima.

Alipo ena amene amati nyali iyake usana ndi usiku, maola 24, kuti mbande zikule msanga. Nzeru imeneyi ingagwire ntchito ku maiko ozizira, kumene kutentha kwa nyali ndi thandizo ndipo magetsi sathimathima. Tiyeni tiwerengere pamodzi. M'nyumba yofoleredwa ndi pulasitiki dzuwa limapereka mwaulere maola pafupifupi 12. Wofuna maola 18 agula magetsi a maola 6 okha, pamene wofuna maola 24 agula a maola 12, ndiye kuti alipira kawiri. Ngakhale m'chipinda chosalowa dzuwa, maola 24 amadya magetsi oposa a maola 18 ndi gawo limodzi mwa magawo atatu. Kuonjezera apo, aliyense wodziwa kutentha kwa ku Golomoti mu Okutobala avomereza kuti mbande zanthete zifunika mpata woti ziziziritsidwe usiku. Kukula pang'ono kumene maola oonjezerawo angapatse sikungabweze ndalama ndi mbande zomwe zingatayike.

Ndondomeko yomwe tikulimbikitsa njosavuta kuikumbukira. Mdima ukhale kuyambira 11 koloko usiku kufikira 5 koloko m'mawa, chaka chonse. Nyali iyatsidwe dzuwa lisanalowe ndi kuzimitsidwa pa 11 koloko, kenaka iyatsidwenso pa 5 koloko kufikira dzuwa litatuluka. Ntchito ya nyaliyi ndi kufupikitsa usiku, pakuti yokulitsa mbewu ikuchitidwa ndi dzuwa, motero mababu a LED osadya magetsi ambiri akwanira. Mbewu zikafika msinkhu womwe mlimi akufuna, nyali ichotsedwe, ndipo mitundu yambiri idzachita maluwa yokha. Pamenepa dziko lathu lili ndi mwayi, chifukwa alimi a ku Canada m'nyengo ya masiku aatali amachita kutchinga nyumba zawo ndi nsalu zakuda kuti apeze mdima umene ife timaulandira kwaulere.

Komabe ndondomeko yabwino ifuna mwambo. Nyali ikaleka kuyaka madzulo angapo otsatizana, mbewu imayamba maluwa, ndipo kuibweza kumatenga masabata. Sitinaiwale kuti mu Januwale 2022 namondwe Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 kufikira 2023. M'chaka chomwecho cha 2022 ku Golomoti kunatsegulidwa malo opangira magetsi a dzuwa a mamegawati 20, okhala ndi mabatire osungira mphamvu. Phunziro lake lili poyera kwa mlimi wamng'ono: sola ndi batire zoyatsa mababu kwa maola 6 ndi zotheka kuzigula, pamene za maola 12 zilemera pathumba. Gulu ligule kawotchi koyatsa ndi kuzimitsa nyali, lisankhe munthu mmodzi wokhulupirika woyang'anira, ndipo pakhale buku lolembamo tsiku lililonse.

Tinenenso kuti si chamba chonse chifuna nyali. Pali mitundu ina imene imachita maluwa potsata msinkhu wake, osalabadira kutalika kwa tsiku. Ndiponso palibe angayatse nyali pa munda wa mahekitala ambiri wolimidwa chifukwa cha ulusi kapena njere zoyenga mafuta. Kumeneko mankhwala ake ndi kusankha mbewu yogwirizana ndi dzuwa la kuno. Ku Chitedze kafukufuku wa mbewuyi anayamba mu 2015, ndipo nzeru zopezeka kumeneko siziyenera kugona m'makabati. Tikupempha Unduna wa Zamalimidwe pamodzi ndi bungwe lopereka ziphaso kuti aphunzitse alangizi nkhani ya kuwalayi, ndi kuti wogulitsa mbewu aliyense azilemba poyera maola amene mbewu yake imafuna.

Akulu anati safunsa anadya phula. Abale athu a ku Bwanje, musanagule mbewu funsani kumene yachokera, musanamange nazale werengerani mphamvu ya batire, ndipo mukasankha maola 18 muwasunge monga momwe mumasungira nthawi yotsegulira madzi m'ngalande za mpunga. Chuma chili m'nthaka ndithu, koma chimatulukira mlimi womvera malangizo ndi wolemekeza lamulo la dziko lake.